Maola 2,000 Pambali pa Bedi

Ana anga, inu amene mwangolandira kumene layisensi ya unamwino ndipo mtima wakukokerani ku wodi ya khansa, mumatifunsa ife akuluakulu funso limodzimodzi: kodi ndi pepala liti limene ndingalipeze msanga kuti ndizitchedwa katswiri? Sindikukudzudzulani. Wodwala khansa amafunikadi namwino wophunzira mozama, ndipo kufuna kukwera pa ntchito kapena kuti malipiro azioneka si tchimo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi liwiro lanulo, chifukwa mapepala aulemu pa ntchito imeneyi anawakonza dala kuti munthu asawapeze mothamanga.

Taonani mmene amachitira ku America, kumene nkhani ya masatifiketi a anamwino a khansa inazika mizu kalekale. Bungwe lawo, Oncology Nursing Society, linayamba mu 1975. Mu 1984 linakhazikitsa bungwe lapadera loyendetsa mayeso, Oncology Nursing Certification Corporation, mwachidule ONCC, ndipo mayeso oyamba analembedwa mu 1986. Wokhoza amalemba zilembo OCN pambuyo pa dzina lake. Koma asanaloledwe n'komwe kukhala pa mpando wa mayeso, amayenera kusonyeza kuti wagwira unamwino zaka ziwiri, ndiponso kuti mkati mwa zaka zinayi zapitazo wathera maola 2,000 pa ntchito ya odwala khansa akuluakulu. Werengani nokha. Munthu wogwira maola 40 pa sabata afunika masabata 50 kuti awakwanitse, pafupifupi chaka chathunthu osaona matenda ena. Akatero ndiye amakumana ndi mafunso 165 oti ayankhe pa maola atatu. Iwo amalola kuti maolawo akhale a ku wodi, a kuphunzitsa, a kafukufuku kapena a utsogoleri. Ine ndikuti anu akhale a pambali pa bedi, ndipo chifukwa chake muchimva.

Kupatula OCN pali ena. CPHON ndi wa anamwino a ana odwala khansa ndi matenda a m'magazi, CBCN ndi wa khansa ya m'mawere, ndipo palinso wa osamalira odwala amene awaika mafuta atsopano a m'mafupa. Umene ambiri a inu mumausirira ndi AOCNP, wa namwino wa digiri ya masitazi amene m'madera ambiri a dzikolo amaloledwa kuyeza wodwala ndi kumulembera mankhwala. Ameneyunso digiri yokha simukwanira. Amamufunsa maola 500 a ntchito ngati maphunziro ake anali a khansa, ndipo 1,000 ngati anali a unamwino wina.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri pa mapepala amenewa n'chakuti amatha ntchito. Zaka zinayi zikadutsa, ngati simunasonyeze kuti mukadali pa ntchitoyo ndipo mukuphunzirabe, zilembo zija mumazisiya. Ku Britain, kumene anzathu ambiri anapita, khonsolo ya anamwino imafuna kuti zaka zitatu zilizonse munthu asonyeze maola 450 a ntchito ndi maola 35 a maphunziro owonjezera. Kwathu kunonso Nurses and Midwives Council of Malawi imafuna mapointi a maphunziro owonjezera (CPD) munthu asanakonzenso layisensi. Ena amadandaula kuti n'kuvutitsana chabe. Koma mankhwala a khansa amasintha, milingo imasintha, ndipo chimene chinali chanzeru pamene ife tinkaphunzira, china mwa icho lero n'choletsedwa.

Tsono musasokoneze zimenezi ndi masatifiketi a ku wekishopu. Ndikudziwa kuti alawansi ya masiku atatu kunyanja imathandiza pa lendi, ndipo sindingauze munthu wa malipiro athuwa kuti aikane. Pitani, mverani, funsani mafunso. Koma pepala limene amagawa tsiku lotseka, anthu atanyamula kale zikwama, lili ngati risiti ya ku chigayo: imangosonyeza kuti munafikako, siinena ngati ufa unasalala. Ndaonapo mafayilo onenepa ndi mapepala otere, mwini wake osatha kunena kuti achite chiyani dzanja la wodwala likayamba kutupa mankhwala ali mkati molowa. Funso loyezera pepala lililonse ndi ili: kodi pali munthu amene analephera kulipeza? Ngati aliyense wolowa m'chipindamo anatuluka nalo, lisungeni, koma musaliwerengere.

Mayeso enieni amafunsa zinthu zimene zimapha wodwala usiku, dokotala ali kutali. Nachi chimodzi. Mayi amene analandira chemo masiku 10 apitawo wabwera pakati pa usiku, thupi latentha kufika madigiri 38, akunjenjemera. Kwathu kuno aliyense, kuyambira gadiyani mpaka mlonda wa pageti, anena kuti ndi malungo. Mwina ndi malungodi. Koma namwino wa khansa amayamba wawerenga masiku, chifukwa chemo amagwetsa maselo oyera a m'magazi, amene timauza odwala kuti ndi asilikali a m'thupi, ndipo kawirikawiri amatsikitsitsa pakati pa tsiku la 7 ndi la 14. Pa nthawi imeneyo kachilombo kamene inu ndi ine sitingakamve n'komwe kangathe kulowa m'magazi n'kumutenga mayiyo kusanache. Saoneka wodwalika poyamba. Angathe kukhala tsonga, n'kumakuyankhani bwinobwino, mafinya osaoneka paliponse popeza opanga mafinyawo ndiwo kulibe. Lamulo lake ndi ola limodzi: antibiotic wa mu mtsempha alowe ola lisanathe chifikireni. Muyezeni malungo ndithu, pakuti nawonso amapha, koma musamukhazike pa benchi kudikira zotsatira za ku labu, ndipo musamupatse panado n'kumuuza kuti abwere mawa ku kiliniki. Phunzitsaninso anzanu a ku zipatala zazing'ono, chifukwa mayiyo akatentha thupi kumudzi amathamangira kwa iwo, osati kwa inu.

China ndi mankhwala ofiira aja, doxorubicin. Akatayikira kunja kwa mtsempha amadya mnofu. Tsiku loyamba pamangooneka kufiira pang'ono, koma pakapita masiku chilonda chimakumba, chimakana kupola, ndipo munthu angathe kutsala ndi dzanja lopuwala khansa itachira. N'chifukwa chake kanyula imakhala yatsopano, yoikidwa pa mkono pamene pali mnofu, osati pa mfundo ya dzanja kapena popinda chigongono, ndipo musanayambe mumakoka pang'ono kuti muone magazi akubwerera. Mukatero khalani pomwepo, maso pa mkono. Wodwala wathu ndi waulemu. Amapirira, safuna kuvutitsa anesi, ndipo pangathe kumuwotcha iye ali chete kuyang'ana kudenga. Muuzeni musanayambe kuti, "Amayi, pakangoyamba kuwotcha kapena kulasa, nenani pompo, musachite manyazi." Zikachitika, imitsani mankhwala, koma musazule kanyula mwamantha. Yambani mwakoka otsala kudzera momwemo. Pa doxorubicin timaika chozizira, pa vincristine chofunda, ndipo amene wasinthanitsa ziwirizi wawonjezera vuto. Muuzeninso kuti mkodzo ufiira tsiku limodzi kapena awiri, kuopa kuti akafika kunyumba angaganize kuti akukodza magazi n'kusiya kubwera. Mankhwala ofiira omwewa amafooketsa mtima akachuluka, kotero mlingo wonse umene munthu walandira pa moyo wake umawerengedwa, ndipo madokotala safuna kuti udutse pakati pa mamiligalamu 450 ndi 550 pa sikweya mita ya thupi. Wodwala akasamuka chipatala, amene amakumbukira kufunsa kuti analandira kangati nthawi zambiri ndi namwino.

Za vincristine ndinena mwachidule chifukwa palibe zokambirana. Amalowa mu mtsempha basi. Akalowetsedwa mu msana, pafupifupi aliyense amamwalira, ndipo zachitikapo ngakhale m'zipatala za mayiko olemera. Ngoziyo imabwera chifukwa ana odwala khansa ya leukaemia kapena ya Burkitt amalandiranso methotrexate wa mu msana, ndiye masirinji awiri akakumana pa thireyi imodzi, dzanja lotopa limatola lolakwika. Mu 2007 bungwe la WHO linachenjeza mayiko onse kuti vincristine azisungunulidwa m'kathumba ka dripi, asamaikidwe mu sirinji. Kathumba simungakalumikize ku singano ya mu msana mosazindikira.

Ndipo musathawe masamu. Milingo yambiri ya chemo imatengera kukula kwa thupi, ndipo njira yosavuta ndi ya Mosteller: chulukitsani msinkhu wa masentimita ndi kulemera kwa makilogalamu, gawani ndi 3,600, kenako pezani square root. Bambo wa masentimita 160 wolemera makilogalamu 62 amatuluka 1.66. Pakapita miyezi itatu akulephera kudya, watsika kufika pa 50, amatuluka 1.49. Pa doxorubicin wa mamiligalamu 50 pa sikweya mita, woyamba uja ndi mamiligalamu 83, wachiwiri ndi pafupifupi 75. Ngati wina wangokopera mlingo wakale kuchokera pa tsamba lapitalo, thupi lofooka lalandira mankhwala a thupi limene kulibenso. Sikelo ya pa wodi ikafa, chitani phokoso mpaka ikonzedwe.

Zonsezi zili m'mabuku, inde, koma zimakhazikika m'manja pokhapokha mwaziona kambirimbiri pambali pa namwino wodziwa. Choncho gulani kope lachikuto cholimba. Muzilembamo tsiku, maola amene mwagwira pa odwala khansa, mankhwala amene mwapereka, vuto limene mwakumana nalo ndi chimene munachita, osalemba dzina la wodwala. Asisitala a pa wodi azisainira mwezi ndi mwezi. Sukulu kapena bungwe likadzafuna umboni wa ntchito yanu, asisitala amenewo angadzakhale atapuma kapena atasamuka, ndipo palibe adzakumbukire. Ku Britain bungwe la anamwino a khansa, UKONS, linakonza kabuku kotchedwa SACT Competency Passport, kamene namwino amayenda nako kusonyeza kuti anamuona akupereka mankhwala a khansa moyenera. Nzeru yake ndi yomweyo.

Tsopano kunena zoona, mayeso a ku America anakonzedwera odwala a ku America. Mukawerenga mabuku awo mupeza masamba ambirimbiri a khansa ya m'mapapo, ya m'matumbo, ya prostate, ndi mankhwala atsopano odula amene mwina simudzawagwira zaka zikubwerazi. Werengani ndithu, nzeru siiwola. Koma wodi yanu ili ndi nkhope ina. Muli amayi a khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko amene yawasautsa koposa pa dziko lonse, ndipo mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake n'chokwera pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Muli Kaposi, mabala akuda pa miyendo yotupa ndi m'kamwa, kumene chemo amayendera limodzi ndi ma ARV ndipo namwino ayenera kudziwa onse awiri. Muli abambo a khansa ya kum'mero amene afika pomeza phala lokha movutikira. Ku wodi ya ana muli Burkitt, chotupa chimene Denis Burkitt anachifotokoza ku Uganda mu 1958, chofala kumene malungo ali ochuluka, chotha kukula kuwirikiza pa tsiku limodzi kapena awiri. Chimasungunukanso msanga chikalandira mankhwala, ndipo pomwepo pali ngozi, chifukwa maselo akufawo amathira potassium ndi uric acid m'magazi, impso n'kutsekeka, mtima n'kusokonezeka. Namwino amene akuthira madzi okwanira, kupereka allopurinol ndi kuyeza mkodzo wa mwana usiku wonse ndiye amamuwolotsa masiku oyambawo. Ku chipatala cha Gulupu, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anathera zaka zambiri akukonza njira zochizira Burkitt zoyenerana ndi ana athu, amene ambiri amafika ali onyentchera ndipo sangapirire milingo ya ku Ulaya. Zolemba zawozo muzifunefune. Zikuphunzitsani za wodi yanu kuposa buku lokongola lochokera kunja.

Musaiwalenso kuti ukatswiri wa khansa suli ku zipatala za Gulupu ndi Central kokha. Namwino wodziwa kuyeza khomo la chiberekero ndi viniga, n'kuwotcha pamene payamba kusintha tsiku lomwelo mayi asanabwerere kumudzi, amaletsa khansa isanabadwe. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, ndipo mu 2020 WHO inaika cholinga chakuti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 akhale atabayidwa, amayi 70 mwa 100 atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 a opezeka ndi vuto atalandira chithandizo. Ntchito imeneyo yambiri ili m'manja mwa anamwino ndi azamba a m'maboma.

Pali chitsanzo cha kufupi kuno chimene chimandisonyeza kuti pepala labwino limatanthauza chiyani. Dokotala Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, n'kubweretsa mofini wakumwa wosungunula m'madzi, wotsika mtengo. Vuto linali lakuti madokotala okha ndiwo ankaloledwa kumulemba, ndipo madokotala kumidzi kunalibe. Mu 2004 dziko la Uganda linasintha lamulo kuti anamwino ndi makiliniko ofesa amene amaliza maphunziro apadera a chisamaliro chochepetsa ululu azilemba mofini okha. Pepala limenelo linasintha chimene namwino angachitire munthu wobuula pa mphasa. Odwala athu ambiri amafika matenda atapita patali, ndiye amene akufuna kukhala katswiri wa khansa koma akuopa mofini, kapena sadziwa kuti amapatsidwa pa nthawi yake osadikira ululu ubwerere, ndiponso kuti amayendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba, akadali ndi ulendo. Pitani mukaone mmene amagwirira ntchito a Tiyanjane ndi a Umodzi ku Gulupu, kapena a Ndi Moyo ku Salima.

Ndiye palinso kulankhula, kumene mayeso a chizungu sangakuyeseni. Achibale adzakukokerani pakhonde n'kunena kuti, "Musawauze mayiwa, angataye mtima." Mwamuna adzafuna kupita kaye kumudzi akafunse malume ake a mkazi asanavomere opareshoni. Wina adzasowa miyezi iwiri chifukwa anapita kwa asing'anga kapena ku mapemphero, kapena chifukwa ya thiransipoti inasowa koma akuchita manyazi kunena. Mukamukalipira pamene wabwerera, ulendo winawo sabweranso. Mufunseni wodwala mwini wake kuti akudziwapo chiyani ndipo akufuna kudziwa zochuluka bwanji, mutakhala pansi, osati mutaimirira ndi fayilo m'manja. Luso limeneli mumalitola poonera namwino amene amalitha.

Nanga pepalalo mulipeze kuti? Ku South Africa mayunivesite amaphunzitsa dipuloma ya unamwino wa khansa kwa omwe ali kale ndi digiri, ndipo khonsolo ya anamwino ya kumeneko imailemba pa kaundula. Ku Rwanda chipatala cha Butaro, chimene chinatsegula gawo la khansa mu 2012, chaphunzitsa anamwino ambiri pa matenda ofanana ndi athu. Kwathu, funsani ku Kamuzu University of Health Sciences ndi kwa amene akuyendetsa National Cancer Centre ku Lilongwe kuti ndi maphunziro ati alipo chaka chimenecho. Kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe makina a radiotherapy, odwala ochepa amwayi n'kumatumizidwa kunja, kotero anamwino odziwa kusamalira khungu ndi m'kamwa mwa munthu wolandira chithandizo chimenechi ndi osowa, ndipo wanzeru angayang'ane kumeneko. Kulikonse kumene mwasankha, musanalipire ngakhale tambala, lembani kalata ku khonsolo kufunsa ngati pepalalo adzalivomereza, ndipo yankho likhale lolembedwa. Pa intaneti pali ogulitsa masatifiketi a zidindo zagolide amene khonsolo siiwadziwa. Ngati boma kapena bungwe likukulipirirani, werengani bondi yonse musanasaine, makamaka zaka zimene mudzagwire mukabwerako.

Dzisamaleninso. Mankhwala amenewa salemekeza yunifolomu. Valani magolovesi awiri ndi gauni, musasakanize chemo pa tebulo lomwe mumamwerapo tiyi, ndipo dziwani kuti mkodzo ndi masanzi a wodwala zimakhala ndi mankhwala kwa masiku awiri kapena kuposa. Mukakhala oyembekezera kapena mukuyamwitsa, nenani msanga kuti akusintheni ntchito. Magolovesi akatha mu sitolo, kukana kusakaniza si mwano.

Mukadzabwera nalo pepalalo, mayesero amayamba. Ndaonapo m'chipatala china namwino wobwera kumene ku sukulu ya khansa akutumizidwa ku wodi ya amayi oyembekezera, chifukwa kumeneko n'kumene kunali mpata pa rosita. Ena amakwezedwa n'kupatsidwa ofesi, kuyambira pamenepo ntchito yawo ndi misonkhano ndi malipoti. Ena amakwera ndege, ndipo sindiwaweruza, pakuti fizi ya ana silipiridwa ndi kuthokoza kwa odwala. Koma kambiranani ndi amatironi musanapite ku sukulu, mugwirizane polemba kuti mukabwerako mudzabwerera ku wodi ya khansa. Mukapatsidwa ofesi, sungani tsiku limodzi pa sabata la ku wodi, apo ayi manja amaiwala msanga kuposa mutu. Ndipo tengani anamwino awiri ang'onoang'ono muziwaphunzitsa mwadala, kuti tsiku limene mudzachoke wodi isadzabwerere pomwe inali.

Phindu lalikulu la zilembo zija limaoneka tsiku limene pepala la mankhwala lafika m'manja mwanu ndipo mlingo sukugwirizana ndi masamu anu, kapena magazi a lero akusonyeza kuti asilikali a m'thupi sanakwere. Dokotala angakhale wamkulu, wotanganidwa, mzere panja utafika pakhonde, wodwala atayenda kuchokera ku Nsanje ndipo akukuchondererani kuti mungomupatsa. Musapereke. Pitani kwa dokotalayo ndi fayilo, mwaulemu, munene kuti, "Adokotala, tiyeni tiwerengerenso limodzi." Itananinso a ku famase aone. Akaumirira ndipo inu simunakhutire, imbirani amene ali pamwamba pake, kenako lembani mu fayilo nthawi imene mwaimba, amene mwalankhula naye ndi chimene wayankha.